BONDO LA MSILIKALI NDI CHOLEMBERA CHA KALALIKI



Nkhani ya lero ikuchokera kutali, ku dziko la America, ndipo ikunena za chiŵalo chimodzi chokha cha thupi la munthu, ndicho bondo. Ena adabwa kuti kodi nchifukwa ninji anthu otanganidwa ndi ntchito za chitukuko aitanidwe kudzamva za maondo a asilikali akale a dziko lina. Yankho lake nlakuti pa bondo limeneli ndi pamene Boma lolemera koposa pa dziko lapansi lakhala likupunthwa kwa zaka zambiri, ndipo chopunthwitsa chake chagona m'kalembedwe ka malipoti a madokotala ndi makalata a m'maofesi, ntchito yomwe ambiri mwa omvera nkhani ino amaigwira tsiku ndi tsiku. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Msilikali amamenya nkhondo ndi mfuti, koma chimene chimamfikitsa kunkhondoko ndi maondo ake. Pa nkhondo za ku Afghanistan ndi ku Iraq, zimene zidayamba mu 2001 ndi mu 2003, msilikali woyenda pansi kaŵirikaŵiri ankasenza katundu wolemera makilogalamu 40 kapena kuposerapo: chovala chotchinga zipolopolo, madzi akumwa, zipolopolo zake ndi mabatire a wailesi. Aliyense amene adasenzapo thumba la chimanga kuchokera kumunda akhoza kuganiza m'mene zingakhalire kukwera nalo phiri, kuthamanga nalo, kugwada nalo pamiyala ndi kudumpha nalo kuchokera pagalimoto, tsiku lililonse kwa chaka chathunthu. Bondo ndi mfundo yopangidwa mwaluso, koma yosakhalira kuwonongeka. Mkati mwake muli mitsempha yolimba yomanga fupa la ntchafu ku fupa la msongolo, muli chichereŵechereŵe chokhala ngati kamtsamiro pakati pa mafupa aŵiriwo, ndipo kutsogolo kuli kafupa kobulungira kophimba mfundoyo. Mtsempha ukaduka, bondo limagwedera ndi kugwetsa mwini wake. Chichereŵechereŵe chikang'ambika, bondo limatupa ndi kumangika, osafuna kuwongoka. Zaka zikapita, pamalo povulalapo pamaloŵa nyamakazi. Nchifukwa chake m'malipoti a chaka ndi chaka a Unduna woona za asilikali akale ku America, mwachitsanzo lipoti la 2022, kulephera kupinda bondo kuli pa nambala yachiŵiri mwa zilema zonse zolipiridwa, kutsatira kulira kwa m'makutu, ndipo olandira ndalama chifukwa cha vuto limeneli ndi oposa miliyoni imodzi.

Lonjezo losamala asilikali ovulala nlakale m'dzikolo. Mu March 1865, nkhondo yachiŵeniŵeni ili pafupi kutha, Pulezidenti Abraham Lincoln adauza mtundu wake kuti uli ndi udindo wosamala munthu amene adamenya nkhondoyo, pamodzi ndi mkazi wake wamasiye ndi ana ake amasiye. Mu 1930 Boma lidasonkhanitsa maofesi onse oona za asilikali akale kukhala bungwe limodzi, Veterans Administration, limene anthu amangolitchula kuti VA, ndipo lidakwezedwa kukhala Unduna wathunthu mu 1989. Patangopita zaka ziŵiri chikhazikitsireni bungweli, mu 1932, pa nthaŵi ya umphaŵi waukulu, zikwizikwi za asilikali akale a Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse adakamanga misasa mu mzinda wa Washington, kupempha kuti ndalama zimene adalonjezedwa kudzalandira mu 1945 ziperekedwe msanga chifukwa mabanja awo ankagona ndi njala. Pa 28 July chaka chomwecho, asilikali a Boma motsogozedwa ndi General Douglas MacArthur adawathamangitsa ndi utsi wokhetsa misozi, misasa yawo nitenthedwa. Mu November Pulezidenti Herbert Hoover adagonja pa chisankho. Zifukwa za kugonja kwake zidali zambiri ndithu, koma munthu aliyense wa Chipani chimene chili m'Boma angachite bwino kusunga miyezi iŵiri imeneyi m'mutu mwake.

Mu 1933 kudakhazikitsidwa Board of Veterans' Appeals, bwalo la mkati mwa VA momwemo lomva madandaulo a amene akanidwa ndalama. Koma lamulo la chaka chomwecho lidatseka khomo la makhoti: chigamulo cha VA pa ndalama za msilikali chidali chomaliza, ndipo padalibe woweruza wakunja wololedwa kuchiunika. Padalinso lamulo lochokera mu 1864 loletsa loya kulandira zoposa madola 10 pa mlandu wa msilikali. Cholinga chake poyamba chidali chabwino, kuteteza asilikali kwa akathyali odya ndalama za anzawo, koma pofika m'ma 1980 padalibe loya amene akadasiya ntchito zake chifukwa cha madola 10. Khomo lidakhala chitsekere zaka 55. Mu 1988 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idapanga lamulo, limene Pulezidenti Ronald Reagan adalisainira, lokhazikitsa khoti lapadera loona milandu ya asilikali akale, limene kuyambira mu 1999 limatchedwa Court of Appeals for Veterans Claims. Milandu yonse imene itchulidwe m'nkhani ino idabadwa khomo limenelo litatsegulidwa. Mlandu uliwonse umadziŵika ndi dzina la msilikali wodandaulayo, ndipo woimbidwa mlandu amakhala Nduna yeniyeniyo.

Nanga Boma limayeza bwanji kuti bondo lawonongeka kufika pati? Pali buku la malamulo, limene maziko ake adaikidwa mu 1945, logaŵa chilema chilichonse m'maperesenti, kuyambira 0 mpaka 100, kukwera khumikhumi. Dokotala amatenga kachipangizo koyezera kupindika kwa mfundo, kotchedwa goniometer, nakaika pabondo. Bondo labwino limawongoka kufika pa madigiri 0 ndipo limapindika kufika pa madigiri 140. Ngati likupindika kulekeza pa madigiri 60, bukulo limavomereza kuti chilema chilipo koma silipereka kanthu. Likalekeza pa 45, msilikali amapatsidwa 10 peresenti. Pa 30, amapatsidwa 20 peresenti. Pa 15, amapatsidwa 30 peresenti. Kulephera kuwongola bondo kuli ndi muyeso wakenso, woyambira pa 10 peresenti ngati kwatsala madigiri 10 kuti mwendo uwongoke, mpaka 50 peresenti ngati kwatsala madigiri 45. Chichereŵechereŵe chosuntha chimene chimamangitsa ndi kutupitsa bondo kaŵirikaŵiri chimapatsidwa 20 peresenti. Amene waikidwa bondo lonse lachitsulo amalandira 100 peresenti kwa kanthaŵi, kenaka sangatsike kupitirira 30 peresenti. Kanthaŵi kameneka kadali chaka chathunthu, koma malamulo atakonzedwanso mu February 2021 kadachepetsedwa kufika miyezi inayi.

Maperesenti ameneŵa ndi chakudya cha pakhomo. Mu 2024, msilikali wakale wopanda banja ankalandira madola 171 pamwezi pa 10 peresenti, madola 338 pa 20 peresenti, ndi madola 524 pa 30 peresenti, ndalama zosadulidwa msonkho. Kuyambira pa 30 peresenti pamawonjezedwanso kangachepe ka mkazi ndi ana. Tsono madigiri asanu olembedwa molakwa pa pepala akhoza kuchotsa theka la ndalama za munthu mwezi ndi mwezi kufikira tsiku la imfa yake.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Muyeso wa madigiri ngwabwino chifukwa suyang'ana nkhope, ndipo Boma lililonse lofuna chilungamo liyenera kukhala ndi muyeso umodzi wa anthu onse. Koma bondo limayezedwa m'chipinda chofunda, munthu atagona pabedi la chipatala, atapumula, kwa mphindi zoŵerengeka. Pa ola limenelo likhoza kupindika kufika madigiri 110, dokotala nalemba choncho, kalaliki naŵerenga 110, natsegula buku, napeza kuti 110 silipiridwa, nalemba kalata yokana. Onse aŵiri sadaname. Komatu bondo lomwelo, mwini wake akaima nalo maola anayi kuntchito, kapena akakwera nalo masitepe, kapena kukazizira, limatupa ndi kukana kupindika masiku aŵiri kapena atatu. Bondo limene lidayezedwa ndi lija la m'chipinda. Limene limamlepheretsa munthuyo kugwira ntchito silidaonedwe ndi aliyense. Ndipo lamulo la dzikolo limanena poyera kuti chimene Boma likulipira ndi kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama.

Khoti lidayamba kukonza zimenezi pa mlandu wa DeLuca mu 1995. Lidagamula kuti poyeza mfundo, dokotala ndi bwalo la apilo ayenera kuŵerengera ntchito imene yatayika chifukwa cha ululu, kufooka, kutopa msanga ndi kusayenda bwino kwa mfundoyo, makamaka ikagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza kapena pa masiku amene matenda abuka, ndipo ngati nkotheka kutayikako kulembedwe m'madigiri. Chodabwitsa nchakuti khoti silidapange lamulo latsopano ayi. Mau ameneŵa adalimo kale m'buku lomwelo la VA, pa ndime 4.40 ndi 4.45, koma olemba malipoti adazoloŵera kungothamangira pa tsamba la madigiri chifukwa ndilo losavuta. Ili ndi tchimo lodziŵika m'maofesi a dziko lililonse: buku la malangizo limakhala ndi masamba mazana, koma limathothoka pa tsamba limodzi.

Pasakhale wina woganiza kuti khotilo lidangokhala lokondera asilikali. Pa mlandu wa Mitchell mu 2011 lidanena kuti kungomva kuŵaŵa popinda bondo sikutanthauza kuti bondolo lasiya kugwira ntchito. Ululu uyenera kuonetsedwa kuti ukulepheretsadi kuyenda, kunyamula kapena kupirira. Chigamulo chimenechi nchoyenera. Ndalama za Boma ndi msonkho wa anthu, ndipo wogwira ntchito m'Boma amene amangovomera pempho lililonse poopa kudedwa ngolakwa mofanana ndi amene amangokana lililonse poopa kufunsidwa. Komabe buku lomwelo, pa ndime 4.59, limati mfundo imene ikuŵaŵadi poyenda iyenera kupatsidwa gawo lochepetsetsa lolipiridwa, limene pa bondo ndi 10 peresenti.

Ngakhale DeLuca adagamulidwa mu 1995, padapita zaka zina makumi aŵiri malipoti osakwanira akulembedwabe. Mu 2016, pa mlandu wa Correia, khoti lidachita kutchula m'mene bondo liyenera kuyezedwera: munthu akulipinda yekha, dokotala akumpindira, mwendo utasenza thupi, mwendo usadasenze kanthu, ndiponso, ngati nkotheka, poyerekeza ndi bondo linalo ngati lili labwino. Chaka chotsatira kudadza mlandu wa Sharp, umene ogwira ntchito m'Boma ayenera kuumvetsetsa koposa ina yonse. Madokotala ambiri adali ndi chizoloŵezi cholemba kuti sangathe kunena za masiku amene matenda abuka chifukwa sadamuone munthuyo pa tsiku lotero, ndipo kunena kanthu kungakhale kungopeka. Mau ameneŵa amamveka ngati kudzichepetsa ndi kusamala, koma zotsatira zake nzakuti msilikali aluze chifukwa chakuti bondo lake silidasankhe kutupa pa tsiku limene ofesi idamuitana. Khoti lidati ayi: dokotala amfunse munthuyo kuti matendawo amabuka kangati, amatenga masiku angati, chimayambitsa nchiyani, ndipo pa masiku amenewo amalephera kuchita chiyani; kenaka aphatikize mayankhowo ndi zolembedwa za m'failo ndi nzeru za ntchito yake, napereke chiyerekezo. Ngati sangathedi, afotokoze chifukwa chake momveka. Mu 2018, pa mlandu wa English, khoti lidawonjeza kuti umboni wa msilikali wakuti bondo lake limagwedera ndi kumgwetsa sungataidwe chabe chifukwa chakuti wonenayo si dokotala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mlandu umene udagwedeza maofesi koposa ndi wa Saunders. Wodandaulayo adali mayi amene adagwira ntchito ya usilikali kuyambira 1987 mpaka 1994, ndipo ali pantchitoyo adalandirapo chithandizo cha kuŵaŵa kwa maondo. Pempho lake loyamba, la mu 1994, lidakanidwa. Adapemphanso mu 2008. Woyeza wa VA adavomereza kuti maondowo akuŵaŵa, kuti akumlepheretsa zina ndi zina, ndiponso kuti nkutheka ndithu kuti ululuwo udachokera ku usilikali, koma sadapeze chophwanyika chilichonse chimene akadachipatsa dzina la matenda. Tsono padali chigamulo cha mu 1999 chonena kuti ululu wokha, wopanda dzina la matenda, si chilema. Pa chifukwa chimenecho mayiyo adakanidwa ku bwalo la apilo, nakanidwanso ku khoti la asilikali. Mu April 2018 khoti lapamwamba pa limenelo, Federal Circuit, lidagwetsa chigamulo chakalecho ponena kuti chilema ndi kulephera kwa thupi kugwira ntchito yopezera ndalama, kaya madokotala achipezera dzina kapena ayi. Taonani kutalika kwa ulendo: zaka 24 kuchokera pa pempho loyamba, ndipo ngakhale pamenepo khoti silidampatse ndalama m'manja, lidangobweza failo kuti ikaonedwenso ndi muyeso woyenera.

Kuyeza kukula kwa chilema ndi theka chabe la mlandu. Msilikali ayeneranso kusonyeza zinthu zitatu: kuti chilemacho ali nacho lero, kuti padachitika kanthu ali pantchito, ndi kuti ziŵirizi nzolumikizana. Pa bondo, chachiŵiri ndi chachitatu nzovuta, chifukwa mnyamata wa zaka 20 akabinya bondo pa maphunziro a nkhondo amangolimanga ndi nsalu, kumwa mankhwala opha ululu ndi kubwerera pamzere, poopa kutchedwa wamantha. Mwambo umene umampanga kukhala msilikali wabwino ndiwo umamsiya wopanda umboni akafika zaka 55. Pena umboni udalipo koma udatayika m'manja mwa Boma lomwelo. Pa 12 July 1973 moto udabuka m'nyumba yosungira mafailo a asilikali pafupi ndi mzinda wa St. Louis, nuwononga mafailo pakati pa 16 miliyoni ndi 18 miliyoni, kuphatikizapo pafupifupi 80 peresenti ya mafailo a asilikali a pamtunda amene adatsika ntchito pakati pa 1912 ndi 1960. Mafailowo adalibe makope. Osunga mafailo m'maofesi a Boma angaganizire okha za mulu wa mapepala umene uli pafupi ndi mawaya a magetsi m'zipinda zawo.

Pofuna kuti munthu asalangidwe chifukwa cha moto umene sadayatse, malamulo a dzikolo amalola makalata a asilikali anzake amene adamuona akugwa, makalata a mkazi wake amene wamuona akutsimphina zaka zonsezi, ndiponso, kwa amene adali pa nkhondo yeniyeni, mau ake omwe ngati akugwirizana ndi m'mene nkhondoyo idaliri. Lamulo la mu 2000 lidatsimikiza kuti VA ili ndi udindo womthandiza wopemphayo kufunafuna umboni, osangokhala pampando kudikira. Amavomerezanso chilema chobadwa ku chilema chinzake: munthu wotsimphina mwendo wamanzere zaka khumi amalemetsa bondo lamanja, chiuno ndi msana, ndipo dokotala akatsimikiza kulumikizanako, zimenezonso zimalipiridwa. Bondo limodzi likhoza kulandira magawo aŵiri, lina la kugwedera, lina la nyamakazi yolepheretsa kupinda, malinga ngati vuto limodzi silikulipiridwa kaŵiri. Koma masamu ake ngodabwitsa ndipo amakwiyitsa ambiri: 30 peresenti ndi 20 peresenti sizipanga 50. Boma limati munthu amene wataya 30 watsala ndi 70, ndipo 20 peresenti ya 70 ndi 14. Pamodzi 44, imene imatsitsidwa kukhala 40. Apilo zambiri zikadapeŵeka masamu ameneŵa akadamafotokozedwa bwino m'kalata yoyamba.

Mizati iŵiri ya dongosolo lonseli idaimikidwa ndi mlandu wa Gilbert mu 1990, khoti lili lakhanda. Woyamba ngwakuti umboni wovomereza ndi wokana ukalingana, kapena ukatsala pang'ono kulingana, wopambana ndi msilikali. Dziko limene lidamtuma ndilo lisenze chikayiko. Wachiŵiri ngwakuti bwalo la apilo liyenera kulemba zifukwa ndi maziko a chigamulo chake momveka, kutchula umboni umene laukhulupirira, umene laukana, ndi chifukwa chake, kuti msilikali amvetse pamene wagwera ndiponso kuti khoti lithe kuunika. Milandu yambiri imene khoti limabweza imabwezedwa pa chifukwa chimenechi, osati chifukwa chakuti yankho lidali lolakwa, koma chifukwa palibe amene angadziŵe ngati lidali lolakwa kapena lolondola.

Mzati wachiŵiriwu si wachilendo kuno kwathu ku Malaŵi. Ndime 43 ya Malamulo Aakulu a dziko lino a mu 1994 imapatsa munthu aliyense ufulu wakuti zochita za maofesi a Boma zomkhudza zikhale zotsata lamulo ndi zachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake molembedwa. Malamulo omwewo ndiwo adakhazikitsa ofesi ya Ombudsman yolandira madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi. Dziko lino nalonso lili ndi asilikali ake akale. Nsanja ya chikumbutso ya King's African Rifles ku Zomba ikuchitira umboni za amuna amene adamenya nkhondo ya Chiwaya kuyambira ku Karonga mu 1914, pamodzi ndi zikwizikwi za amtengatenga amene adasenza katundu wa nkhondoyo pamutu. Ana awo adakafika ku Ethiopia ndi ku Burma pa nkhondo yachiŵiri. Ndipo kuyambira mu 2013 asilikali a dziko lino adatumikira m'gulu lapadera la United Nations kum'maŵa kwa Congo, kumene asanu ndi mmodzi adaphedwa mu November 2018. Maondo a anthu ameneŵa si achitsulo. Kalata yonena kuti pempho lanu silidatheke, basi, yopanda chifukwa, yopanda kunena kumene munthu angakadandaule ndi tsiku lomaliza lochitira zimenezo, ndi kalata yoswa ndime 43, kaya yalembedwa kwa msilikali, kwa mphunzitsi wopuma ntchito kapena kwa mlonda wovulala pantchito. Atsogoleri a nthambi za Chipani alinso ndi mbali yawo. Ku America mabungwe a asilikali okhaokha, monga American Legion ya mu 1919 ndi Disabled American Veterans ya mu 1920, amathandiza anzawo kulemba apilo popanda malipiro. Wapampando wa nthambi amene amaŵerengera nkhalamba kalata ya Boma, kuithandiza kuyankha nthaŵi isadathe ndi kuiperekeza ku ofesi, wagwira ntchito ya Chipani yoposa kuyimbitsa nyimbo pamsonkhano.

Vuto limene America idalimbana nalo nthaŵi yaitali, kuwonjezera pa malipoti osakwanira, ndi kuchedwa. Mu March 2013 mapempho amene adadikira kupitirira masiku 125 osayankhidwa adafika 611,000. Pa apilo zinthu zidali zoipirapo. M'dongosolo lakale munthu ankatha kuwonjezera umboni nthaŵi iliyonse, ndipo umboni uliwonse watsopano unkabwezera failo pambuyo. Bwalo la ku Washington likapeza kuti lipoti la dokotala nlosakwanira, linkabweza failo ku ofesi ya kuchigawo; ofesi inkaitanitsa kuyeza kwina; pofika nthaŵi yobwerera ku Washington lipoti lija lakalamba, bondo laipiraipira, ndipo pankafunika kuyezanso. Apilo yofika ku bwalolo inkatenga zaka zoposa zisanu. Eni dziko adayerekeza zimenezi ndi kanyama konga mbeŵa kamene kamathamanga m'gudumu koma osapita kulikonse. Amati mlandu suola, ndipo nzoona kuti wopambana apilo amalandira ndalama zonse kuyambira tsiku la pempho lake. Koma mwini mlandu amakalamba, ndipo ambiri adamwalira akudikira, kotero kuti mu 2008 padafunika lamulo lolola mkazi kapena mwamuna wamasiye kuloŵa m'malo mwa womwalirayo ndi kupitiriza apilo.

Lamulo latsopano la apilo lidasainidwa mu August 2017 ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 19 February 2019. Wokanidwa tsopano ali ndi njira zitatu. Akhoza kupempha kuti wogwira ntchito wamkulu aonenso failo yomweyo popanda umboni watsopano, njira yoyenera pamene kalaliki woyamba adangoŵerenga molakwa. Akhoza kubweretsa umboni watsopano wokhudza nkhaniyo, monga chithunzi cha X-ray kapena lipoti la dokotala wina lofotokoza za masiku amene bondo limatupa. Kapena akhoza kupita ku bwalo la ku Washington, kumene asankhanso ngati akufuna kuti woweruza angoŵerenga failo, kapena alandire umboni wina m'masiku 90, kapena amumve pamaso. Akakanidwa kumeneko, ali ndi masiku 120 okasuma ku khoti. Nzeru ya dongosololi njakuti cholakwa chaching'ono chikonzedwe pafupi ndi pamene chidachitikira, failo isayende ulendo wautali chifukwa cha nambala imodzi.

Koma khomo la makhoti limene lidatsegulidwa mu 1988 lili ndi malire ake, ndipo malirewo adaonekera mu March 2025 pa mlandu wa Bufkin. Sudali mlandu wa bondo, koma chigamulo chake chimakhudza maondo onse. Khoti Lalikulu la America lidafunsidwa ngati khoti la asilikali liyenera kuyezanso lokha umboni kuti lione ngati udalingana. Oweruza asanu ndi aŵiri adati ayi: kuyeza umboni ndi ntchito ya VA, ndipo khoti lingagwetse kuyezako pokhapokha cholakwa chake chili choonekeratu. Oweruza aŵiri, Jackson ndi Gorsuch, adatsutsa, nati Nyumba ya Malamulo idafuna kuti asilikali atetezedwe koposa pamenepo. Mau a asanu ndi aŵiri aja ndiwo adapambana, kotero zimene dokotala walemba pa fomu ya bondo, ndi m'mene wogamula woyamba waziyezera, zimalemera tsopano kuposa kale. Msilikali amene kalata yake yokana yafika lero ali ndi chaka chimodzi kuchokera pa deti la kalatayo kuti asankhe imodzi mwa njira zitatu zija.